PHUNZIRO LACHISANU: WAKUTSINA KHUTU NDI MNANSI

Kuuzana zoona pakati pa abwenzi ndi anzathu a pantchito

Cholinga cha phunziroli

Pomaliza pa phunziro lino, aliyense wa ife athe:
1. kufotokoza zifukwa zimene timaopera kuuza anzathu zoona;
2. kusiyanitsa kudzudzula kochokera m'chikondi ndi miseche;
3. kudziwa njira yoti atsate pofuna kuuza mnzake nkhani yowawa.

Kwa wotsogolera: Phunziroli liwerengedwe pang'onopang'ono pa msonkhano wa mphakati kapena limana. Pokambirana mafunso, pasatchulidwe dzina la munthu aliyense, kaya alipo kaya palibe.

Mawu oyamba

Abale ndi alongo, Amalawife timadziwika ndi ulemu. Mwana timamuphunzitsa kugwada polankhula ndi akulu, kulandira chinthu ndi manja awiri, ndiponso kusayankha mwamwano. Umenewu ndi mwambo wabwino ndipo tiyenera kuusunga. Koma pali vuto limodzi. Nthawi zina mantha athu timawaveka dzina loti ulemu. Mnzathu akamalakwitsa, pamaso pake timamuuza kuti zonse zili bwino, koma akangotembenuka timayamba kumujeda. Mudzi wonse umadziwa kuti uje akupita kuphompho, mwiniwake yekha ndiye wosadziwa.

Makolo athu adaliona vutoli, nchifukwa chake adatisiyira mwambi woti wakutsina khutu ndi mnansi. Kutsinidwa kumapweteka, koma amene amakutsina ndi munthu wakuti zako zimamukhudza. Mlendo wongodutsa alibe nawe ntchito.

Tione zimene zimachitika pakati pathu

Tiyerekeze kuti m'mudzi mwathu muli mjigo, ndipo pali komiti yoyang'anira mjigowo. Banja lililonse limasonkha kangachepe mwezi ndi mwezi kuti mjigo ukawonongeka pakhale ndalama zogulira zipangizo. Msungichuma ndi bambo waulemu wake, woimba kwaya, wosalephera pa maliro. Mlembi wa komitiyo ndi mnzake wa ponda apa nane mpondepo. Adaphunzira limodzi ku pulaimale, ndipo mlembiyo ndiye adali mboni pa ukwati wa msungichumayo.

Tsiku lina mwana wa msungichuma adadwala kwambiri. Posowa pogwira, bamboyo adatapako ndalama za mjigo, mumtima nkumati akagulitsa soya adzabweza. Soya sadachite bwino. Mwezi wotsatira adatapanso. Mlembi powerengera m'kaundula adaona kuti zolembedwa ndi zimene zili m'thumba sizikugwirizana.

Mlembiyu ali panjira zitatu. Angathe kukhala chete kuti ubwenzi usathe. Angathe kukanong'oneza mkazi wake ndi anzake a pabawo, nkhani nkufalikira mudzi wonse mwiniwake asanafunsidwe. Angathenso kupita kwa mnzakeyo, nkukhala naye pansi awiriwiri.

Ambiri a ife timasankha njira yoyamba kapena yachiwiri. Tsono taganizani zotsatira zake. Mwezi wa Okutobala dzuwa lili phwee, mjigo wawonongeka, m'thumba mulibe kanthu. Amayi ayambanso kukatunga madzi kudambo komwe kumamwa ziweto, ndipo ana ayamba kutsekula m'mimba. Nkhani ya madzi si yamasewera. Mliri wa kolera umene udagwa m'dziko muno mu 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700. Pamapeto pake msungichuma uja adzayalukabe, ndipo adzayaluka pabwalo la amfumu, ngongole itakula kale. Mlembi amati akumuteteza mnzake, koma kwenikweni amadziteteza yekha ku nkhani yovuta.

Za mtundu womwewu zimachitika ku banki mkhonde, m'komiti ya sukulu, m'gulu la amayi, m'bungwe la tchalitchi, ndiponso kumalo a ntchito. Mphunzitsi amaona mnzake akulowa m'kalasi atalawa. Wogwira ntchito kuchipatala amaona mnzake akutuluka ndi mankhwala m'chikwama. Mayi amaona mnzake akuwonda ndi kutsokomola miyezi ingapo, koma amangomuuza kuti akuoneka bwino.

Chifukwa chiyani timakhala chete?

Choyamba ndi kuopa kudedwa. Palibe amene amafuna kuti mnzake asiye kumupatsa moni.

Chachiwiri ndi kuopa kutchedwa wansanje. Kwathu kuno munthu akafunsa za ndalama za gulu, ena amathamangira kunena kuti akufuna mpandowo.

Chachitatu ndi kudya nawo. Ngati mnzathu adatigulirako kanthu ndi ndalama zokayikitsa, kapena adatibisirapo cholakwa chathu, pakamwa pathu pamakhala potsekeka.

Chachinayi ndi kuopa kubwezeredwa: kuchotsedwa ntchito, kumanidwa thandizo, ngakhale kuopsezedwa kuti tiona. Ena amaopa kulodzedwa kumene.

Chachisanu ndi chizolowezi. Amene tidakula m'nthawi ya chipani chimodzi tidaphunzira kuyang'ana uku ndi uku tisanatsekule pakamwa. Nthawi imeneyo idatha, koma chizolowezi cha mantha chimachedwa kuchoka mumtima, ndipo mosazindikira timachipatsira ana athu.

Zifukwa zonsezi nzomveka. Koma tikaziyang'anitsitsa tiona kuti zonse zikunena za ife eni: mbiri yathu, mtendere wathu, ntchito yathu. Palibe nchimodzi chomwe chimene chikunena za ubwino wa mnzathu wolakwayo, kapena za anthu amene akuvutika chifukwa cha kulakwa kwake.

Mawu a Mulungu akutiuza chiyani?

Werengani 2 Samuele 12:1-13. Mfumu Davide adatenga Bateseba, mkazi wa Uriya, kenaka adakonza zoti Uriyayo aphedwe kunkhondo. Mulungu adatuma mneneri Natani. Natani sadayambe ndi kukalipa. Adafotokozera mfumu za munthu wolemera, wa nkhosa ndi ng'ombe zambiri, amene adalanda kankhosa kamodzi kokha ka mmphawi kuti aphere mlendo wake. Davide adapsa mtima nagamula kuti munthu wotereyo ngoyenera kufa. Apo mpamene Natani adamuuza kuti munthu woipayo adali iye yemwe Davideyo. Tione zinthu zitatu. Natani adapita yekha kwa mwini nkhani. Adasankha mawu mwanzeru kuti mfumu idzionere yokha kulakwa kwake. Koma itakwana nthawi sadazungulire, adalitchula tchimolo. Ndipo Davide adavomera nalapa.

Werenganinso Agalatiya 2:11-14. Ku Antiokeya Petro ankadya pamodzi ndi akhristu amene sadali Ayuda. Koma atafika anthu ena ochokera kwa Yakobe, adayamba kudzipatula chifukwa cha mantha, mpaka Barnabasi yemwe adatengeka nazo. Paulo adamudzudzula Petro maso ndi maso. Adatero pamaso pa onse chifukwa cholakwacho chidachitika poyera ndipo chinkasokeretsa mpingo. Apa tikuphunzira kuti udindo waukulu sumuika munthu pamalo poti sangauzidwe zoona. Petro adali mtsogoleri wa Atumwi, koma naye adafunika mbale womutsina khutu.

Pomaliza werengani Mateyo 18:15-17. Ambuye Yesu akutipatsa ndondomeko. Poyamba upite wekha kwa mbale wakoyo, mukambirane muli awiri. Akakana kumva, utenge munthu mmodzi kapena awiri. Akakanabe, nkhaniyo ipite ku mpingo. Cholinga cha zonsezi nchakuti mbaleyo abwerere, osati achite manyazi. Ife kawirikawiri timayambira kumapeto: gulu lonse limayamba kudziwa, mwini nkhani nkumva pomaliza.

Mpingo umaphunzitsanso kuti kuchenjeza wolakwa ndi imodzi mwa ntchito zachifundo zothandiza mzimu, pamodzi ndi kuphunzitsa osadziwa ndi kutonthoza olira. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, amene adatuluka mu 1992, pa ndime 1868 akuti timakhala ndi gawo pa machimo a ena ngati sitiwaletsa kapena kuwaulula pamene tili ndi udindo wotero. Pa ndime 2480 akutsutsa mawu oshashalika amene amalimbikitsa munthu kupitiriza zoipa. Choncho kumuuza mnzathu kuti zili bwino pamene sizili bwino ndi kuphwanya lamulo lachisanu ndi chitatu, ngakhale tinene mawuwo tikumwetulira.

Zimene dziko lathu lidaphunzira

Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse lino mudawerengedwa kalata ya Maepiskopi athu. Kalatayo idanena za kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa, mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, kutsekera anthu m'ndende popanda kuwazenga mlandu, ndi kusowa kwa ufulu wolankhula. Zambiri mwa zimenezi anthu ankazidziwa kale, koma ankangonong'onezana m'nyumba.

Maepiskopi aja, pamodzi ndi Ambuye James Chiona a ku Blantyre, adasaina mayina awo. Adalemba mwaulemu, popanda kutukwana munthu. Komabe zidawavuta. Adaitanidwa ndi apolisi kukafunsidwa, boma lidalamula kuti kupezeka ndi kalatayo ndi mlandu, ndipo Monsinyo John Roche amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko muno. Koma pa 14 Juni 1993 Amalawi adavota pa riferendamu nasankha ndale za zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 kudachitika chisankho. Lero Malamulo Aakulu a dziko lino, pa gawo 34 ndi 35, amapatsa munthu aliyense ufulu wokhala ndi maganizo ake ndi wolankhula zakukhosi.

Ufulu umenewu sudabwere kuti tizingodzudzula atsogoleri a ku Lilongwe pa wailesi ayi. Uyenera kuyamba kugwira ntchito pakhomo, pamphakati ndi muofesi. Mu 2013 kudaululika kubedwa kwa mabiliyoni a makwacha m'boma, nkhani imene idatchedwa Cashgate, ndipo maiko amene ankathandiza bajeti yathu adaimitsa thandizo lawo. Ndalama zochuluka chotero siziyenda popanda mapepala odutsa m'manja mwa anthu ambiri. Mtima woti "si zanga, ndisadane ndi anthu" umene umaumitsa mjigo wa m'mudzi ndi womwewo umene umagwetsa chuma cha dziko. Munthu amene sangathe kufunsa mnzake za ndalama za banki mkhonde, angathe bwanji kufunsa khansala kapena phungu za ndalama za chitukuko?

Kunena zoona si miseche

Apa tichenjere, chifukwa alipo ena amene amavulaza anzawo nkumadzitama kuti iwo sabisa mawu. Katekisimu, pa ndime 2477, akutchula zolakwa zitatu zoononga mbiri ya munthu: kuweruza mnzathu popanda umboni wokwanira, kuulula zolakwa zake kwa anthu amene sakuzidziwa popanda chifukwa chenicheni, ndi kumunamizira. Onani kuti cholakwa chachiwiricho chimachitika ngakhale nkhaniyo ili yoona. Ndime 2488 ndi 2489 zikuonjeza kuti si aliyense amene ali ndi ufulu wouzidwa chilichonse chimene tikudziwa.

Mwachitsanzo, ngati mnzanu akudwaladwala koma akuopa kupita kuchipatala, chikondi chikukufunsani kuti mumuuze mosabisa kuti thanzi lake likukudetsani nkhawa, ndipo mumuperekeze kukayezetsa. Kuyambira mu 2004 mankhwala otalikitsa moyo amaperekedwa mwaulere m'zipatala za boma, ndipo anthu ambiri ali moyo lero chifukwa wina adalimba mtima nkuwalankhula. Koma mnzanuyo akakuululirani zotsatira zake, chimenecho ndi chinsinsi. Kukachinena pamjigo ndi tchimo, ngakhale musaonjezepo bodza lililonse.

Nayi njira yosavuta yodziyesera. Wodzudzula mwachikondi amalankhula ndi mwini nkhani, wamiseche amalankhula za iye kwa ena. Wodzudzula mwachikondi amamva chisoni, wamiseche amamva kukoma. Wodzudzula mwachikondi amasangalala mnzake akasintha, wamiseche amakhumudwa chifukwa nkhani yatha.

Njira yoti titsate

1. Tsimikizani kaye. Kodi mwaona nokha kapena mwangomva? Paja kandimverere adakanena za m'maluwa. Mlembi uja awerengerenso kawiri asanapite, mwina cholakwa chili m'kaundula mwake momwemo.

2. Dzifunseni cholinga chanu. Ngati mumtima muli mkwiyo wakale kapena kufuna kubwezera, yambani mwapemphera, mtima ukhale pansi.

3. Sankhani nthawi ndi malo. Musamuuze munthu nkhani yowawa pamaso pa ana ake, pamaliro, pamowa, kapena pa gulu la WhatsApp. Nkhani yolemera imafuna kuonana maso ndi maso.

4. Nenani chimene chachitika, osamupatsa munthu dzina. Mlembi uja angathe kunena kuti: "Achimwene, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Ndawerengera ndalama za mjigo kawiri konse, ndipo za miyezi iwiri sizikuoneka. Ndati ndiyambe ndamva kwa inu ndisanalankhule ndi wina aliyense." Mawu amenewa ngosiyana kwambiri ndi kumuuza kuti ndi wakuba.

5. Mvetserani. Mwina pali zina zimene simukuzidziwa. Mpatseni mpata woti afotokoze, ngakhale ayambe ndi kukwiya.

6. Musachepetse nkhani. Ena amazungulira mpaka mnzawo amachoka osadziwa chimene amauzidwa. Mlembi anene momveka kuti ndalamazo ziyenera kubwezedwa, ndipo komiti iyenera kudziwa pa msonkhano ukubwerawo. Angathe kumupatsa mnzakeyo mwayi woti akanene yekha, koma asalonjeze kuti abisa, pakuti ndalamazo nza mudzi.

7. Musamusiye yekha. Mnzako akapsa ndevu mzimire. Mlembi angathe kukhala pambali pa mnzakeyo pamene akufotokozera komiti, ndi kumuthandiza kupempha kuti azibweza pang'onopang'ono.

8. Akakana, tsatani ndondomeko ya Ambuye. Tengani munthu wina wodalirika, monga wapampando kapena mkulu wa mpingo. Zikakanikabe, nkhani ipite kwa amene ali ndi udindo woiweruza.

Koma pali nkhani zina zosafuna kudikira. Ngati mwana akuchitidwa zachipongwe, kapena moyo wa munthu uli pangozi, musataye nthawi ndi kukambirana kwa awiriwiri. Kaneneni msanga kupolisi kapena kwa alangizi oona za chisamaliro cha anthu, ngakhale wochita zimenezo akhale mnzanu, mbale wanu kapena mtsogoleri wa mpingo. Kuteteza mwana kumaposa ubwenzi uliwonse.

Tisanamizane, ngakhale mutatsata zonsezi, mwina mnzanuyo adzakukwiyirani. Ena amasiya kulankhulitsana miyezi ingapo, ndipo maubwenzi ena sabwereranso mwakale. Komabe nthawi zambiri mkwiyo ukaphwa munthu amazindikira amene adamufunira zabwino. Paja mawu a akulu amakoma akagonera.

Nanga ife tikamauzidwa?

Phunziroli lili ndi mbali yachiwiri. Anthu amaleka kunena zoona kwa munthu amene amalusa akauzidwa. Ngati ndinu wapampando, mphunzitsi wamkulu, bambo kapena mayi wa pabanja, ndipo papita zaka popanda wina kukuuzani kuti apa mwalakwitsa, musaganize kuti simulakwa. Mwina anthu adangotopa nanu, kapena amakuopani. Samva adamva nkhwangwa ili m'mutu.

Wina akabwera kudzakudzudzulani, musathamangire kumukumbutsa zolakwa zake. Mumvetsereni mpaka amalize, mumuthokoze chifukwa chobwera kwa inu m'malo mopita kwa ena, ndipo mupemphe nthawi yoti muganizire. Ngakhale atalankhula mosaluza, funani kachoonadi kamene kali m'mawu akewo. Magulu athu nawonso athandizepo pokhazikitsa chizolowezi chowerenga lipoti la ndalama poyera pa msonkhano uliwonse. Zikatero kufunsa kumasanduka mwambo wa gulu, ndipo wofunsa satengedwanso ngati mdani.

Mafunso okambirana

1. Pa zifukwa zisanu zija zotichititsa kukhala chete, ndi chiti chimene chili champhamvu kwambiri m'dera lathu lino?
2. Mukadakhala mlembi wa komiti ya mjigo ija, mukadayamba ndi mawu otani?
3. Kodi mwana angathe kuuza kholo lake zoona zowawa, kapena wantchito kuuza bwana wake, popanda kuphwanya ulemu? Angachite bwanji?
4. Nchifukwa chiyani Paulo adadzudzula Petro pagulu, pamene Ambuye Yesu akuti tiyambe tili awiri?
5. Ndi nkhani ziti zimene tiyenera kusunga chinsinsi, ndipo ndi ziti zimene kuzibisa ndi kulakwa?

Zoti tichite sabata ino

Aliyense aganizire munthu mmodzi amene wakhala akumunena kumbali koma sadamuuzepo pamaso. Asankhe chimodzi: kupita kukalankhula naye motsata njira taphunzirayi, kapena kulekeratu kumunena. Mphakati wathu ugwirizanenso tsiku loti magulu onse osunga ndalama adzawerenge malipoti awo poyera.

Pemphero lotsekera

Ambuye Mulungu, Inu mudatuma Natani kwa Davide kuti mumupulumutse. Tipatseni mtima wolimba kuti tisabise zoona chifukwa cha mantha, ndi mtima wachifundo kuti tisavulaze abale athu ndi lilime. Mutipatsenso kudzichepetsa kuti tizilandira bwino amene akutichenjeza. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.